Misonkhano ya Zanyengo: Cakudza Cayamba Kuimba Ng'oma

Caka ciri conse, mwezi wa September ukamapita kumapeto, pamene mitondo ndi mombo zaphuka masamba ofiira m'chire ngakhale dontho la mvula lisanagwe, a nthambi ya Boma yoyang'anira za nyengo, ya Zambia Meteorological Department, amalengeza m'mene akuonera kuti mvula ya dzinja likudzalo idzakhalira. Mau amenewo sathera ku Lusaka ai. Amatsika kufika ku Chipata, ndipo kucokera kumeneko alangizi a zaulimi amawasenza kunka nao ku Katete, ku Petauke, ku Chadiza, ku Lundazi ndi kucigwa ca Luangwa, kumene amamemeza anthu kuti asonkhane pa sukulu, pa bwalo la anyakwawa kapena pamthunzi wa mtengo wa mango. Pena alangizi amafika okha pa njinga yamoto, pena amatsagana ndi akatswiri a zanyengo, a zambeu ndi a zamakina. Nyengo ya misonkhano yotere yayandikiranso. Tsiku ndi malo zidzamveka kwa alangizi, kwa mafumu ndi pa wailesi, ndipo pofika pamalopo palibe amene adzafunsa ndalama kapena setifiketi ya sukulu.

Munthu amene anakhalapo pa msonkhano wa mtundu umenewu adziwa kale m'mene umayendera. Abambo amakhala pa mabenci kutsogolo, zisoti ziri pa maondo. Amai amayala zitenje kumbuyo, ena ali ndi licero la nshawa zoti aziswa uku akumvetsera. Mlendo amaimirira ndi mapepala ace, nalankhula kwa ola lathunthu m'Cinyanja cosakaniza ndi Cizungu, kenaka nafunsa ngati alipo amene ali ndi funso. Pamenepo bwalo limangoti zii. Wina amatsokomola, wina amayang'ana mapazi ace, kufikira anyakwawa aimirira kuthokoza alendo, anthu naomba m'manja. Mafunso amaturukira panjira yobwerera kumudzi, galimoto ya alendo itazimirira kale ndi pfumbi lace. Si cinsinsinso kuti alipo ena amene, akamva za msonkhano, coyamba kufunsa ndi cakuti kodi kudzakhala nsima ndi kangacepe ka sopo, ndipo akamva kuti kulibe amakhotera kumene kwaphikidwa mowa.

Kukhala cete kumeneku kunalibe bvuto lalikulu m'zaka zimene mvula inali kusunga pangano lace. Dzinja la 2023 mpaka 2024 linaonetsa mtengo wace. Mvula inayamba, anthu anabzala, cimanga cinamera bwino, ndipo ambiri anathira fataleza wa ngongole. Cakumapeto kwa January kumwamba kunayera, ndipo kunakhala koyera kwa milungu yoposa isanu, pa nthawi yeniyeni imene cimanga cimamasula ndi kuturutsa ndebvu, pamene cimafuna madzi koposa nthawi ina iri yonse. Anthu amene anali kupita ku Mtenguleni ku mwambo wa Nc'wala, mwambo wothokoza cifukwa ca zakudya zoyamba za m'munda, anadutsa minda ya cimanga copota masamba ngati anyezi. Patangopita masiku owerengeka, pa 29 February 2024, Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Boma linawerengera kuti maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndi kuti mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga cimene cinabzalidwa, pafupifupi mahekitala 1 miliyoni anaonongeka. Dziko limene mu 2023 linakolola matani oposa 3 miliyoni a cimanga linakolola pafupifupi matani 1.5 miliyoni cabe. Kwa abale a kutsidya kwa malire kunalibenso kothawira, pakuti Malawi analengeza za tsoka lomwelo mu March, ndipo Zimbabwe mu April.

Cilalaco cinalowa ngakhale m'nyumba za iwo amene sagwira khasu. Madzi a m'damu la Kariba anatsika kotero kuti makina opanga magetsi anatsala pang'ono kuimiratu, ndipo cakumapeto kwa 2024 m'malo ambiri magetsi anali kuyaka maola atatu okha patsiku. Mai amene anapeza kathumba ka cimanga mobvutikira anali kugona pa cigayo kudikira kuti makina alire pakati pa usiku.

Makolo anati cakudza siciimba ng'oma, ndipo m'masiku ao ananena zoona. Koma cilala ca 2024 cinaimba ng'oma, ndipo inamveka miyezi yambiri mbeu isanalowe m'nthaka. Mu June ndi July 2023 akatswiri a zanyengo a maiko akunja anali atalengeza kale kuti El Niño wayamba. Dzina limeneli lamveka kawirikawiri pa wailesi, koma ocepa ndi amene anauzidwa tanthauzo lace. Kutali kumene kuli nyanja yaikulu koposa zonse, ya Pacific, madzi a mbali ya kum'mawa kwa nyanjayo amafunda kuposa masiku onse kamodzi pa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri. Asodzi a m'dziko la Peru ndiwo anayamba kuzindikira madzi ofundawo, ndipo popeza anali kufika nthawi ya Khrisimasi anawacha El Niño, ndiko kuti Mwana wamwamuna m'cilankhulo ca Spain. Nyanja yaikulu cotero ikafunda, mphepo za padziko lonse zimasintha njira zao, monga momwe mseu umodzi ukagumuka magalimoto onse amayamba kuzungulira kwina. Kawirikawiri maiko a kum'mawa kwa Africa, monga Kenya, amalandira mvula yoposa muyeso, pamene kumwera kwa Africa, pamodzi ndi zigawo za pakati, za kumwera ndi za kum'mawa kwa Zambia, mvula imacepa. Cilala ca 1992, caka cija ca cimanga cacikasu cocokera kunja cimene acikulire sanaiwale kununkhira kwace, cinadzanso ndi El Niño.

Tsono taganizani za mlimi amene akadamva ndi kumvetsa nkhani imeneyi mu July kapena August 2023. Imeneyo inali nthawi imene nkhokwe zinali zodzaza, ndipo ogula a masikelo anali atakhazika matumba ao m'mbali mwa mseu. Mabanja ambiri anagulitsa cimanga cao mpaka pansi pa nkhokwe, nasiya cokwanira kufika mwezi wa March wokha, podalira kuti cimanga caciwisi ndi maungu zidzawaombola monga mwa masiku onse. Cimanga comweco anadzacigulanso pa mtengo wowawa caka cotsatira, ena atagulitsa mbuzi, ena ng'ombe yolimira. Matumba asanu osungidwa mu August akadakhala nsima ya ana mu September wa caka cinaco. Cenjezo la nyengo silingagwetse mvula, koma lingathe kuuza munthu kuti aziyamba wamanga pakamwa pa thumba. Lingathenso kumuuza kuti munda wonse usakhale wa cimanga cokha, koma kuti lima imodzi aisiyire mapira, khobwe, kandolo kapena cinangwa, mbeu zimene makolo sanali kuzisiya ngakhale m'caka ca mvula yabwino.

Komabe alimi amene amakaika mau a anthu a zanyengo sali opusa, ndipo cikaiko cao ciri ndi maziko. Mu 1997 kunabwera El Niño wamphamvu kwambiri, cenjezo linamveka ponseponse, ena anacepetsa minda yao cifukwa ca mantha, koma cilala coopsa cimene anthu anali kuyembekeza kumwera kwa Africa sicinafike pa muyeso umenewo. Amene anakumana ndi zotere amafunsa funso labwino. Pa 21 June 2001 dzuwa linada masana mu Lusaka ndi m'malo ena a dziko lino, nkhuku zinalowa m'khola, ndipo akatswiri anali atanena kale tsiku, ola ndi mphindi yace zaka zambiri zisanacitike. Nanga bwanji anthu odziwa cotero alephera kunena tsiku limene mvula idzagwa ku Sinda? Yankho ndi lakuti dzuwa, mwezi ndi dziko zimayenda m'njira imodzi yosasintha, imene munthu angathe kuiwerengera ndi masamu ngati nthawi ya sitima. Mvula imabadwa mwa kukumana kwa mphepo zambiri, ya cinyezi yocokera ku nkhalango za Congo ndi zina zocokera ku nyanja ya India, ndipo kusintha kwakung'ono kwa lero kumabala kusintha kwakukulu pakapita milungu iwiri. N'cifukwa cace ulosi wa mawa ndi mkuja umalondola kawirikawiri, koma ulosi wa dzinja lonse sunena za tsiku. Umangonena mbali imene zinthu zapendekera.

Apa ndi pamene misonkhano yambiri imatayana ndi anthu ace. Mlendo amawerenga papepala kuti mvula idzakhala "normal to below normal", womasulira nati mvula idzakhala yabwino kapena yocepa, ndipo mlimi amaseka cam'mimba, poti zimenezo ngakhale mwana woweta mbuzi angathe kunena. Pamene mauwo ali ndi tanthauzo lenileni. Akatswiri amatenga zolembedwa za mvula ya malo amodzi za zaka 30, nazindandalika kuyambira caka couma koposa kufikira conyowa koposa, ndipo amazigawa m'milu itatu ya zaka khumi khumi: mulu wa zaka zouma, wa zaka zapakati ndi wa zaka zonyowa. Ulosi umanena mulu umene caka cikudzaco cingagwere. Kuti zimveke, munthu aike nyemba 20 m'cikho, 8 zoyera za caka capakati, 7 zofiira za caka couma ndi 5 zakuda za caka conyowa, kenaka atseke maso ndi kutolapo imodzi. Angathe kutola yakuda, ndipo pamenepo cikho sicinaname. Koma wanzeru sangaike cakudya ca ana ace conse pa nyemba yakuda pamene adziwa kuti m'cikhomo ziri zisanu zokha. Mlangizi amene angadze ku msonkhano ndi cikho ndi nyemba m'malo mwa pepala adzamveka ngakhale kwa agogo akumbuyo.

Ciriponso cina cimene mulu wa caka sunena, ndico kagawidwe ka mvula. Dera la Chipata limalandira mamilimita pafupifupi 1,000 pa caka, pamene cigwa ca Luangwa cimalandira ocepera 800. Koma mvula ingathe kukwana muyeso wace wa caka itagwa yonse mu December ndi mu March, cimanga nkufa mu February. Cotero funso loyenera kufunsa mlendo si lakuti kodi mvula idzagwa, pakuti limenelo yankho lace ndi inde caka ciri conse. Mafunso a phindu ndi ena. Kodi, bambo mlangizi, mvula yobzalira iyembekezeka m'mlungu uti kuno kwathu, ndipo idzaleka liti? Kodi ng'amba iyembekezeka pakati pa dzinja, ndipo ingakhale ya masiku angati? Pakati pa mbeu yokhwima pa masiku pafupifupi 110 ndi ija yofuna masiku 140 kapena kuposa, iti ikuyenera munda wa mcenga wa kumtunda, ndipo iti ya kudambo? Nanga ulosiwu ukasintha mu December, monga umacitira nthawi zina, mau atsopanowo adzafika bwanji kumudzi kuno? Safunsa anadya phula, ndipo mlendo amene wayenda ulendo wautali amakondwa ndi mafunso otere koposa kuomba m'manja.

Cimene cimatseka pakamwa pa anthu ambiri ndi manyazi. Mkulu amene sanapite patali ndi sukulu amaganiza kuti zimene adziwa iye ndi za kumudzi, zosayenera kuchulidwa pamaso pa munthu wa madigiri. Mbiri ya cigawo cino ikutsutsa maganizo amenewo. Angoni atafika kuno, akulu ao anasunga m'mitu mwao nkhani yakuti tsiku limene Zwangendaba anaolotsa anthu ace pa mtsinje wa Zambezi, kufupi ndi Zumbo, dzuwa linada masana. Panalibe amene analemba, panalibe kalendala. Patapita zaka zambiri, olemba mbiri anatenga mau a akuluwo nawaika pamodzi ndi masamu a akatswiri a zakuthambo, ndipo anapeza kuti kadamsana anacitikadi m'dera limenelo mu November 1835. Lero caka cimeneco cimaphunzitsidwa m'sukulu. Akatswiri anali ndi masamu koma sanali kudziwa za kuolokako, akulu anali ndi nkhani koma analibe caka. Cimodzi popanda cinzace sicikadapereka kanthu.

Zofanana ndi zimenezi zinacitikanso m'minda. Pa malo ofufuzira za ulimi a Msekera, kufupi ndi Chipata, ndi pamene panacokera mbeu za nshawa zochedwa MGV4 ndi MGV5, zimene zilembo zace zoyamba zimachula dzina la Msekera lomwelo. Kuyambira cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a pamalopo anayesa njira yobwezera conde m'nthaka yoguga mwa kubzala mitengo monga jerejere ndi gliricidia m'munda wogonekedwa. Pa malo ofufuzira mbande zinali kuleredwa m'timapepala ta pulasitiki. Alimi a m'midzi analibe ndalama za timapepalato, cotero anafesa pa nazale ya pansi, nazula mbandezo ndi kuzinyamula m'mabeseni kupita nazo kumunda. Enanso, posafuna kuti munda ugone wopanda cakudya, anabzala mitengoyo pamodzi ndi cimanga m'caka coyamba. Akatswiri anaona, anayesa, napeza kuti njira za alimizo zigwira nchito, ndipo ndi zimene zinafalitsidwa kwa ena. Mwambi umati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma mwini mutu ndiye adziwa pamene pali cipsera.

Cotero mkulu amene waona madzinja makumi asanu ndi limodzi asasiye nzeru zace pakhomo popita ku msonkhano. Iye adziwa ngati mvula ya cizimalupsa, ija yozima moto wa m'chire mu October, ikugwabe monga kale kapena yasowa. Adziwa caka cimene mtsinje wa kumudzi kwao unayamba kuuma mu August pamene kale anyamata anali kusambiramo mpaka October. Adziwa nthawi imene inswa zinali kuturuka, mbali imene mphepo ya mvula imacokera, ndi cimene makolo anali kunena masuku ndi mango zikabala mopitirira. Zina mwa zizindikiro zimenezi zikayesedwa zidzapezeka zolimba, zina zidzapezeka kuti zinali kungogwirizana mwamwai, ndipo palibe camanyazi pamenepo, pakuti ngakhale maganizo a akatswiri amayesedwa ndi kutayidwa momwemo. Malo oyezera mvula a Boma ali motalikirana, ndipo mvula ya dzinja ingathe kugwa tsidya lino la phiri nkusiya tsidya linalo louma. Zimene zimacitika pakati pa malo oyezerawo, amene amaziona ndi anthu okhala pamenepo.

Pa misonkhano ya masiku ano sipalephera kumveka mau akuti kusintha kwa nyengo, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa ndi El Niño. El Niño amabwera ndi kupita, ndipo analipo makolo asanabadwe. Umboni wace ndi wakuti dzinja lotsatira mvula inabwerera, ndipo mu 2025 dziko linakolola matani oposa 3.5 miliyoni. Kusintha kwa nyengo ndi kutentha kumene kukukwera pang'onopang'ono osabwerera, cifukwa ca mpweya woturuka poocha malasha a m'migodi, petulo, dizilo ndi nkhalango. Mpweya umenewu umakhala m'mlengalenga ngati bulangete, nusunga kutentha kumene kukadathawira kumwamba. Mafakitale asanayambe, unali magawo pafupifupi 280 pa magawo miliyoni a mpweya wonse, ndipo tsopano wapitirira 420. Caka ca 2024 cinaposa zaka zonse za m'mbuyo mwace pa kutentha cilembedwere zolembedwa za nyengo. Kwa mlimi tanthauzo lace ndi lapafupi: dzuwa likakula mphamvu, nthaka imauma msanga, ndipo ng'amba ya milungu itatu imene kale cimanga cinali kupirira tsopano imaciocha.

Pofika apa alendo ambiri amatembenukira kwa woocha makala, ndipo bwalo lonse limamuyang'ana ngati mfiti yogwidwa. Coonadi ciyenera kunenedwa mbali zonse ziwiri. Africa yense amaturutsa gawo laling'ono kwambiri la mpweya wotenthetsa dziko, locepera magawo 4 pa 100 a umene umacokera ku malasha ndi mafuta, ndipo mnyamata wokankha matumba a makala pa njinga kupita ku Chipata si ndiye anafunditsa nyanja ya Pacific. Ambiri a iwo analowa m'chire cifukwa munda unakana, ndipo makala anagulidwa kwambiri m'matauni m'miyezi yomwe ija magetsi anazima. Koma ndi zoonanso kuti phiri likametedwa, madzi a mvula amathamanga osalowa pansi, amakokolola nthaka, ndipo citsime ca kumunsi cimauma msanga. Zimenezo siziyembekeza msonkhano wa maiko akutali, zimaoneka m'mudzi momwemo pa zaka zocepa. Ndi nkhani yoyenera kukambidwa pamaso pa mafumu, amene ali ndi mphamvu yoletsa nkhwangwa pa magwero a mitsinje, ndipo woocha makala apatsidwe mpata wonena cimene angadye akaleka.

Za njira zosungira cinyezi alimi a kuno anazimva kale, koma kumva ndi kucita ndi zinthu ziwiri. Ulimi wa maenje, umene ena amaucha gamphani, umafuna kuti munthu akumbe m'cilimwe maenje otalika masentimita 30, otambalala 15 ndi akuya 20, pafupifupi maenje 4,000 pa lima imodzi, nasiye mapesi pamwamba osaocha. Ndi nchito yowawa msana, nthaka ya September iri gwa ngati mwala, ndipo udzu umabvuta m'zaka zoyamba. Amene amailalikira osachula za kuwawa kwace sanagwirepo khasu. Phindu lace ndi lakuti madzi a mvula yoyamba amasonkhana pa phando, manyowa sabalalika, ndipo mlimi amabzala tsiku lomwelo mvula yeniyeni ikagwa, osayembekeza ng'ombe za mnansi. Mtengo wa nsangu, umene umayoyola masamba m'dzinja ndi kubvala m'cilimwe, umadyetsa cimanga ca pansi pace osacichinga dzuwa. Pa msonkhano, mau a mlimi mmodzi amene anayesa zimenezi m'caka ca cilala, nanena poyera zimene zinatheka ndi zimene zinakanika, ali ndi kulemera kuposa cithunzi ciri conse ca papepala.

Mbozi za nchemberezandonda za mtundu watsopano zinapereka phunziro lina. Kwao ndi ku America, zinaoneka kumadzulo kwa Africa kuciyambi kwa 2016, ndipo pofika December wa caka comweco zinali m'minda ya Zambia, kotero kuti Boma linatuma ndege za asilikali kunyamula mankhwala kupita nao m'zigawo. Oyamba kuona timabowo pa masamba ndi utuci m'kati mwa nsonga ya cimanga sanali akatswiri, anali amai opalira. Ambiri anaganiza kuti ndi kapuci wa masiku onse, nakhala cete kufikira munda utatha.

Amai amenewa ndiwo amakhala kumbuyo kwa bwalo. Iwo ndiwo amasankha mbeu ya kusunga, amadziwa khobwe amene amapirira dzuwa ndi maungu amene sabvunda msanga, amadziwa kutalika kwa ulendo wa kumadzi caka ndi caka, ndipo ndiwo amayang'ana m'nkhokwe ndi kuwerengera miyezi. Msonkhano umene bambo apita yekha, nabwerera kunyumba ndi mau awiri akuti ati mvula idzabvuta, wataya theka la nchito yace. Anyakwawa angacite bwino kupempha kuti amai ayambe ndiwo kufunsa abambo asanatsegule pakamwa, ndi kuti msonkhano usaikidwe pa ola lotunga madzi kapena lophika.

Alendo naonso ali ndi mangawa ao. Uthenga wofika mu December, mlimi atagula kale mbeu ndi kubzala, uli ngati mankhwala ofika pa tsiku la maliro. Cinyanja, Cinsenga ndi Citumbuka ziri ndi mau okwanira kufotokoza za mphepo, mitambo ndi nthaka, ndipo katswiri amene sangathe kunena nkhani yace m'cilankhulo ca anthu afune womasulira wodziwa za munda, osati wodziwa Cizungu cabe. Kulangiza munthu kubzala mapira pamene m'sitolo ya pa boma mulibe mbeu ya mapira, ndipo pa msika palibe wogula, ndi kumuseka. Masiku ano ulosi wa masiku ocepa umafika pa lamya ya m'manja ndi pa mawailesi a m'cigawo, ndipo anyamata amene amanyozedwa kuti angokhalira kutosa lamya angathe kukhala makutu a mudzi wonse ngati wina atawaonetsa pamene mauwo apezeka. Koposa zonse, mlendo amene ananena mu October abwerenso mu April, mvula itatha, kudzamva ngati zimene ananena zinacitika. Anthu amakhulupirira munthu amene amabwerera kudzayang'ana mapazi ace.

Kanthu kamodzi kakang'ono kangathe kupemphedwa pa msonkhano woyamba, ndiko cipangizo coyezera mvula. Ndi cikho cabe cokhala ndi mizere, coimikidwa pa mtengo pamalo oyera, kutali ndi denga ndi nthambi. Milimita imodzi m'cikhomo itanthauza lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, cotero mamilimita 20 ndi cigubu cathunthu ca malita 20 cothiridwa pa kamalo kameneko. Cikaikidwa pa sukulu, mwana wa giredi 6 angathe kuciwerenga m'mawa uli wonse belu lisanalire, kulemba tsiku ndi nambala m'kope, ndi kukhuthula madziwo. Aphunzitsi akulu asunge kopelo m'kabati pamodzi ndi kaundula wa ana, ndipo pa Sabata nambala za mlunguwo ziwerengedwe pambuyo pa mapemphero, kuti wobzala adziwe ngati imene yagwa usiku ndi yobzalira kapena yongonyenga mbeu.